Mlandu Umodzi, Makanema Aŵiri

M'chaka cha 1924, ku Chicago, Nathan Leopold ndi Richard Loeb, anyamata ophunzira a m'mabanja olemera, adapha Bobby Franks, mwana wa zaka 14, pofuna kutsimikiza kuti lamulo silimanga anthu anzeru ngati iwo. Tiyeni tiyerekeze makanema aŵiri amene adatenga nkhaniyi, atasintha maina.

Mu Rope, wa 1948, Alfred Hitchcock akubisa mtembo m'bokosi, ndipo akuphawo akuyala chakudya pamwamba pake, bambo wa malemuyo ali m'gulu la alendo. Mphunzitsi wao wakale potsegula bokosilo akupeza zipatso za chiphunzitso chake chomwe. Kodi wofesa ganizo alibe mlandu?

Mu Compulsion, wa 1959, Richard Fleischer akutitengera kubwalo la milandu, kumene Orson Welles, monga loya, akuchonderera kuti anyamatawo asanyongedwe. Pempholo likugwira mtima, koma pofika pamenepo mwana wophedwa uja tamuiŵala kale.

Ife tikuona kuti Hitchcock ndiye adafika pakuya. Chifundo choiŵala wolakwiridwa n'chopereŵera. Ndipo ife amene tili ndi udindo wophunzitsa ena, bokosi lija liyenera kutichititsa mantha koposa chingwe cha wonyonga.