Luso Lomwe Limapangitsa Supra Kusiya GT-R

Mutaimika pamzere umodzi Toyota Supra ya 1993 ndi Nissan GT-R ya 2007, zonse zili monga zinatulukira ku fakitale, wopambana amadziwika zisananyamuke. GT-R imakoka ndi matayala onse anayi, magiya imasintha yokha m'kuphethira kwa diso, ndipo mamita 402 a mpikisano wa drag imawamaliza masekondi 12 asanakwane. Supra imakankhidwa ndi matayala awiri akumbuyo okha, ndipo mtunda womwewo umaitengera masekondi 13 ndi kanthu. Pa liwiro lotere, kusiyana kumeneku ndi mpata woti magalimoto oposa khumi akhoza kundandamo. Koma pitani kumabwalo a drag ku America kapena ku Japan, mukapeza Supra zokalambazo zikusiya GT-R m'mbuyo. Pakati pa zinthu ziwirizi pali manja a mmisiri, ndipo ntchito ya manja amenewa ndi yoyenera kuipenyetsetsa.

Filimu ya The Fast and the Furious ya 2001, momwe Supra inasiya Ferrari, inachititsa ambiri kuganiza kuti liwiro limagulidwa m'bokosi n'kumangirira ndi mabauti. Zida zimagulidwadi. Chosagulidwa ndi nzeru yodziwa choyamba ndi chiti, chotsatira ndi chiti, ndiponso pomwe pafunika kulekera. Mpweya, mafuta, moto wa pulagi, kutentha ndi kugwira kwa tayala zimayenera kukula limodzi. Chimodzi chikathamangira patsogolo, galimoto imangolira mokweza osapita patali, mwinanso pisitoni imatulukira m'mbali mwa buloko.

Mmisiri wabwino amayamba ndi kulemekeza zimene anapeza. Injini ya Supra, 2JZ-GTE, yomwe inayamba kuoneka mu Toyota Aristo mu 1991, ndi ya malita atatu, masilinda asanu ndi limodzi ondondozana pamzere umodzi. Buloko yake ndi ya chitsulo cholemera cha cast iron, yotsekeka pamwamba kotero kuti makoma a masilinda sagwedezeka mphamvu ikachuluka. Crankshaft yake ndi yosulidwa, ndipo imagona pa mabering'i asanu ndi awiri. Silinda iliyonse ndi ya mamilimita 86 m'mimba mwake, pisitoni nayonso imayenda mamilimita 86. Pansi pa pisitoni iliyonse pali kampopi kopopera oyilo kuti mutu wake uzizire. Ku Japan analemba kuti ili ndi horsepower 280, chifukwa makampani a kumeneko anali atagwirizana kuti asamalengeze nambala yoposa pamenepo. Ku America inagulitsidwa ndi 320. Gulu la mainjiniya a Toyota linamanga injini yolimba kuposa ntchito imene linaipatsa, ndipo amisiri ambiri afikitsa mphamvu yake kawiri osatsegula n'komwe mbali ya pansi ya injiniyo. Luso loyamba ndi kuwerenga mpata umene Toyota inasiya, n'kudziwa kuti uli ndi malire.

Turbo ndi mvukuto wa wosula, kusiyana kwake n'kwakuti womvukutayo ndi utsi wa injini yomweyo. Utsi wotuluka umazunguza kagudumu kamodzi, kameneko kamazunguza kanzake, kanzakeko n'kukankhira mpweya wambiri m'masilinda. Mpweya ukachuluka, mafuta oyaka amachulukanso, mphamvu n'kukwera. Supra inabwera ndi ma turbo awiri ang'onoang'ono ogwira ntchito molandizana: woyamba amayamba injini ikadali pansi, wachiwiri amalowerera ikafika cha pa 4,000 rpm. Pamsewu wa tsiku ndi tsiku njira imeneyi ndi yokoma. Pampikisano imachepa, ndipo ma turbo a Supra za ku Japan ali ndi timagudumu ta ceramic tomwe timasweka akatikakamiza kwambiri. N'chifukwa chake amisiri ambiri amachotsa onse awiri, pamodzi ndi mapaipi ndi mavavu ake ambirimbiri, n'kuikapo turbo imodzi yaikulu.

Apa ndi pomwe wodziwa amasiyana ndi wongotengera. Turbo yaikulu kwambiri imapereka nambala yosangalatsa pa makina oyezera mphamvu otchedwa dyno, koma imachedwa kudzuka. Dalaivala amaponda moto, galimoto imakhala ngati yaiwala, kenako mphamvu yonse imabwera pakamodzi matayala n'kuyamba kuzungulira pamalo. Pamenepo GT-R imakhala itapita kale. Turbo yaing'ono imadzuka msanga koma imathera panjira, n'kuyamba kupopa mpweya wotentha wopanda phindu. Mmisiri amafunsa kaye mwini galimoto: mukufuna kunyamuka mutaima kapena mukuyenda kale? Mafuta anu ndi ati? Giyabokosi ndi yotani? Akamva mayankho m'pamene amasankha kukula kwa turbo, kukula kwa chigoba cha mbali ya utsi, ndi wastegate, kavavu kotaya utsi wina kuti mpweya usapitirire muyezo. Nthawi zambiri amasankha yocheperako kuposa imene mwini wakeyo amalakalaka, ndipo kukana kumeneku ndi mbali ya ntchito imene akulipidwira.

Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo mpweya wotentha ndi mdani pawiri: umakhala ndi okosijeni wochepa, komanso umachititsa mafuta kuphulika nthawi isanakwane. Intercooler yaing'ono imene Toyota inabisa m'mbali mwa bampala imachotsedwa, n'kuika yaikulu kutsogolo kwenikweni komwe mphepo imawomba. Onani mapaipi a aluminiyamu owotcheredwa ndi katswiri: makona ake ndi ofatsa, msoko wake ndi wosalala mkati momwe, chifukwa kona iliyonse yakuthwa imabera mpweya liwiro. Kunja kumakongola, koma kukongolako kwachokera ku ntchito imene paipiyo ikugwira.

Mafuta nawo amafunika kutsatira. Petulo amayaka bwino akakhala gawo limodzi pa magawo 14.7 a mpweya poyeza kulemera, koma turbo ikamapopa mwamphamvu mmisiri amawonjezera mafuta mpaka cha pa 11.5, kuti owonjezerawo aziziritse silinda. Zimenezi zimafuna pampu zazikulu, mapaipi otakata ndi ma injector oposa a fakitale kangapo. Ambiri amasamukira ku E85, mafuta omwe mbali yaikulu ndi ethanol, yemweyu amene kwathu kuno amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol saphulika msanga ndipo amaziziritsa, koma amafunika wambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu kuposa petulo. Amene wasintha mafuta osakulitsa pampu amazindikira kulakwa kwake pisitoni itaboola kale.

Kenako pamabwera ntchito yosaoneka ndi maso, yomwe kwa ine ndiyo yogometsa kuposa zonse. Galimoto imamangidwa ndi malamba pa dyno, chokupizira mphepo chachikulu chili kutsogolo, mmisiri ali mkati ndi laputopu pamiyendo. Kompyuta ya fakitale yachotsedwa, yaikidwa ina yololera kulembedwa. Pa sikirini pali timabokosi mazanamazana, kalikonse kakuuza injini mafuta oti ipopere ndi nthawi yoti pulagi iyatse moto pa liwiro lakutilakuti ndi mpweya wakutiwakuti. Moto ukayatsidwa mofulumirako pang'ono, mphamvu imakwera. Ukafulumira mopitirira, mafuta otsala m'silinda amaphulika okha, n'kumenya pisitoni mwankhanza. Kugogoda kumeneku n'kovuta kukumva pakati pa phokoso la injini, choncho mmisiri amavala mahedifoni olumikizidwa ku buloko n'kumamvetsera chitsulo chenichenicho. Amasuntha digiri imodzi, kuyesa, kuyang'ana mzere wa mphamvu, kusunthanso. Akaona kuti digiri yowonjezera yaleka kupereka phindu lenileni, amabwerera m'mbuyo ngakhale kugogoda kusanamveke. Amasiyira dala horsepower ina patebulo, chifukwa akudziwa kuti tsiku la mpikisano kudzatentha kuposa lero, ndipo mafuta a tsikulo sadzafanana ndendende ndi a lero.

Cholinga chikakwera kufika cha ku horsepower 1,000, injini imatsegulidwa. Mapisitoni ndi ma connecting rod osulidwa amalowa m'malo mwa a fakitale, mabauti omangira hedi amasinthidwa kuti gasiketi isanyamuke. Pano ntchito imayenda mwapang'onopang'ono kwambiri. Ring'i iliyonse ya pisitoni amailowetsa m'silinda yake, kuyeza mpata wa pomwe nsonga zake zimakumana, kuitulutsa, kuipala ndi tupa pang'ono chabe, n'kuyezanso. Mpatawo ukachepa, chitsulo chikatentha nsongazo zimagundana n'kuthyola pisitoni. Ukachuluka, mphamvu imathawira pansi. Mpata wa mabering'i umayezedwa m'tizigawo ta milimita tochepa kuposa tsitsi la munthu. Palibe woonerera mpikisano amene adzaone zimenezi, koma ndi zimene zidzanene ngati injiniyo idzafike kumapeto kwa mzere.

Tsono mphamvu yonseyo iyenera kudutsa pa timalo tiwiri ta mphira togunda pansi, ndipo GT-R ili ndi tinayi. Anthu a drag amayang'ana kwambiri nambala imodzi pa kapepala ka zotsatira: nthawi ya mamita 18 oyamba. Iwo amati ukapindula gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi pamenepo, kumapeto umapindula pafupifupi awiri. Choncho mmisiri amene wamanga injini yoopsa amayamba kuiletsa. Amauza kompyuta kuti mu giya yoyamba turbo ipope pang'ono, mu yachiwiri iwonjezere, ndipo mphamvu yonse imasulidwe galimoto itagwira kale liwiro. Amaika malire achiwiri a rpm ogwira ntchito galimoto ili chiimire, kuti turbo idzuke nyali yoyambitsa mpikisano isanayake. Matayala akumbuyo amakhala a drag, a m'mbali mofewa, ophwetsedwako mpweya kuti agone pansi mokwanira, ndipo amawatenthetsa powazunguza pamadzi asanafike pamzere. Mashoko amawasintha kuti ponyamuka kulemera kwa galimoto kukhalire kumbuyo mofatsa, matayala osadumphadumpha, chifukwa kudumpha kumeneko ndi kumene kumathyola ma axle ndi difu.

Pa giyabokosi pamakhala chisankho chowawa. Getrag V160 ya magiya asanu ndi limodzi yomwe inabwera ndi Supra ndi yotchuka chifukwa cha kulimba, ndipo okonda galimotoyi amainyadira. Koma dzanja la munthu likamasintha giya, phazi limachoka pamoto, turbo n'kufooka kwa kanthawi, pomwe GT-R ya makilachi awiri sipuma n'komwe. Ena amaphunzitsa kompyuta kudula moto kwa kamphindi kuti dalaivala asinthe giya osachotsa phazi. Ena amachotsa Getrag yonse n'kuikamo TH400, giyabokosi ya otomatiki ya magiya atatu okha yomwe General Motors inatulutsa mu 1964. Chida cha zaka zimenezo kulowa m'galimoto yofuna kugonjetsa ukadaulo wa 2007 zimaoneka ngati kubwerera m'mbuyo, koma mmisiri sayang'ana msinkhu wa chida. Amayang'ana kuti mphamvu isadukize kuyambira pamzere mpaka kumapeto.

Chomaliza chimene Supra ili nacho ndi kupepuka. GT-R imalemera makilogalamu oposa 1,700, ndipo Supra ndi yopepukirapo ndi pafupifupi 200. Toyota inalimbana ndi kulemera mpaka kugwiritsa ntchito boneti ya aluminiyamu, thanki ya pulasitiki ndi kapeti ya ulusi wamphako mkati. Mmisiri amapitiriza pomwe iwo analekera: mipando yakumbuyo, tayala losungira, zotchingira phokoso, zonse kunja. Supra ndi GT-R zikadutsa mamita oyamba aja zili pafupi, kupepuka ndi mphamvu zimayamba kulankhula, ndipo theka lachiwiri la mtunda limakhala la Supra.

Inde, mwini GT-R nayenso ali ndi mmisiri wake, ndipo injini ya VR38DETT, yomangidwa ndi manja ku Yokohama, nayo imalandira ma turbo akuluakulu mosavuta. Mpikisano wa magalimoto awiriwa sudzakhala ndi wopambana wotsiriza. Chimene chimasiyanitsa katswiri ndi wongoyesa mwayi ndi china. Aliyense wa ndalama angathe kupanga galimoto yothamanga kamodzi n'kubwerera kunyumba pa ngolo yokoka. Ya katswiri imathamanga m'mawa, masana dzuwa likuswa mtengo, madzulonso, timapepala ta zotsatira n'kumasiyana ndi tizigawo ta sekondi chabe, ndipo akatsegula mapulagi onse asanu ndi limodzi amapeza kuti apsa mofanana. Ntchito yotere ndi imene amisiri anzake amafunsa kuti wapanga ndani.