Bach M'zala za Nina Simone

Anthu ambiri akatchula Nina Simone amangomuponya m'gulu la oimba jazi, nkhani n'kuthera pomwepo. Mwini wake dzina limeneli sankalifuna. Kufikira imfa yake ku France mu 2003, iye ankadandaula kuti anamutsekera njira yoti akhale katswiri woimba pa piyano nyimbo zakale za ku Ulaya, zonga za Bach ndi Beethoven. Ine ndifuna kutsutsana naye pang'ono. Maphunziro ake aja sanapite pachabe, koma anabala zipatso zokoma koposa pamene iye analeka kuwaonetsera.

Dzina lake lobadwa nalo linali Eunice Waymon. Anabadwa mu 1933 ku Tryon, m'dera la North Carolina ku America, ndipo anayamba kuimba piyano m'tchalitchi cha Methodist mmene mayi ake ankalalikira. Mphunzitsi wake, Muriel Mazzanovich, anamukhazika pa Bach, ndipo anthu a m'tauniyo anasonkha ndalama zomuphunzitsira. Ataphunzira kanthawi ku Juilliard ku New York, anakayesedwa ku Curtis Institute ku Philadelphia koma sanamutenge. Iye anakhulupirira moyo wake wonse kuti chinamulepheretsa ndi khungu lake. Mu 1954 njala inamulowetsa m'nyumba ina yomwera mowa ku Atlantic City, kumene mwini malo anamuuza kuti kugogoda piyano kokha sikukwanira, aziimbanso ndi pakamwa. Poopa kuti mayi ake angamve, anadzitcha Nina Simone.

Tiyeni timvere chimbale chake choyamba, Little Girl Blue, chimene anajambula mu 1957. M'nyimbo ya "Love Me or Leave Me" iye amayamba monga woimba jazi wina aliyense, koma akafika pakati amasiya mawu n'kuyamba kuluka nyimbo mwa njira ya Bach: dzanja lamanja liyamba kanjira kake, lamanzere litsata pambuyo ndi kake, tinjira tiwiriti n'kumathamangitsana osagundana. Luso lake ndi lodabwitsa, palibe angakane. Komabe ndikamvera kawiri katatu ndimaona ngati woimbayo sakulankhula ndi ife. Akulankhula ndi aphunzitsi a ku Curtis aja, kuwauza kuti taonani munthu amene munamukana. Nyimboyo ndi ya munthu wodandaula za chikondi, koma dandaulolo limaima kaye pambali kudikira kuti zala zimalize mayeso. Bach walowamo ngati mlendo wovala suti pa gule wa kumudzi: aliyense akumuona, koma sakuvina nawo.

Zinthu zinasintha mu 1963. M'mwezi wa June chaka chimenecho Medgar Evers, womenyera ufulu wa anthu akuda, anawomberedwa ku Mississippi, ndipo mu September bomba linapha atsikana anayi m'tchalitchi ku Birmingham, Alabama. Pamenepo Simone anapeka "Mississippi Goddam". Munthu akadayembekeza nyimbo ya maliro yoyenda pang'onopang'ono. Koma iye anasankha kayimbidwe kopepuka, kodumphadumpha, konga ka m'masewero osangalatsa azungu, n'kusenzetsa kayimbidweko mawu aukali. Womvera amayamba ndi kumwetulira, kenaka amazindikira kuti akumwetulira pa maliro. Uku ndi kuluka kuja kwa zinthu ziwiri zoyenda padera, koma tsopano chimene chikulukidwa ndi chisangalalo cha piyano ndi mkwiyo wa mawu. Phunziro la Bach lilimo lonse, ngakhale kuti palibe pamene khutu lingaloze kuti apa ndiye Bach.

Umboni wina uli mu "Four Women" ya mu 1966. Akazi anayi akuda, aliyense ndi khungu lake ndi mbiri yake yochokera ku ukapolo, amalankhula motsatizana. Pansi pa mawu awo piyano imangobwereza kachidutswa kamodzi, osatopa, osadzikometsera, mpaka mkazi wachinayi, Peaches, aphulika ndi ukali. Woimba amene zala zake zimatha kuthamanga monga tamva mu 1957 akanatha kudzaza mpata uliwonse ndi tizokometsera. Iye anadziletsa. Kudziletsa kotere sikubwera mwangozi. Kumachokera kwa munthu amene anakhala zaka zambiri akuphunzira mmene nyimbo imamangidwira kuchokera pa maziko kufika padenga.

Ena anena kuti ndale zinamuwonongera ntchito, ndipo n'zoona kuti mawailesi ena anakana kuulutsa nyimbo ziwirizi. N'zoonanso kuti pambuyo pake anachoka ku America, nakakhala ku Liberia kuyambira 1974 atamuitana Miriam Makeba, kenaka ku Ulaya, ndipo moyo wake sunakhazikikenso bwino. Koma kutayika kwa msika ndi kutayika kwa luso ndi zinthu ziwiri zosiyana. Masiku ochepa asanamwalire, a ku Curtis anamupatsa digiri yaulemu. Madzi anali atafika kale kunyanja.

Nkhaniyi ikutikhudza ife amene timasonkhana kuwerengerana ndakatulo ndi nthano. Ambiri a ife tinaleredwa ndi mabuku a kutsidya, ndipo tikayamba kulemba timalakalaka kuti aphunzitsi athu aone kuti tinawerengadi. Timalowetsa Eliot apa, Hopkins apo, monga Simone analowetsera Bach mu 1957. Sindikuti tiwataye. Simone akadataya Bach sakadatha kumanga "Four Women". Koma funso loyenera kudzifunsa ndakatulo isanawerengedwe pagulu ndi ili: kodi ndikulankhula ndi yani, woyesa mayeso kapena munthu amene nkhaniyi ikumupweteka? Simone anatenga zaka zingapo ndiponso maliro a ana anayi kuti ayankhe.