DZINA LOBISIKA SILIBISA MWINI WAKE

Mlimi aliyense wa ku Kasungu amadziŵa kuti belo la fodya silipita ku msika wa Chinkhoma lopanda nambala ya mwini wake. Munthu angathe kubisa fodya woola pakati pa belo, nadinda bwino ndi jeke, koma tsiku limene belolo litsekulidwa nambala ija imaloza pakhomo pake, ndipo manyazi amagwera banja lonse. Nzeru imeneyi taisunga bwino m'zigafa mwathu, koma taiŵala kuiphunzitsa ana athu amene akudikira kusankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede.

Mnyamata kapena mtsikana akalemba mayeso a MSCE amakhala miyezi yambiri pakhomo, kudikira zotsatira ndiponso maina ochokera ku bungwe la NCHE. Pa nthaŵi imeneyi bwenzi lake lalikulu ndi foni. Ambiri amadzipatsa maina opeka pa Facebook, naloŵa m'magulu a WhatsApp m'mene amanyoza aphunzitsi ao akale, kuseka atsikana anzao ndi kufalitsa mphekesera, poganiza kuti palibe amene angaŵazindikire. Ife tikuti mchitidwe umenewu ndi woipa paŵiri, chifukwa ndi wonyenga ndiponso umaononga mtima.

Ndi wonyenga popeza kuti chigoba chimenechi nchobooka. Kuyambira m'chaka cha 2018 nambala iliyonse ya foni m'Malaŵi imayenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake, ndipo lamulo la m'chaka cha 2016 loona za mauthenga a pa intaneti limati kuzunza kapena kunyoza munthu kudzera m'njira zimenezi ndi mlandu. Kuonjezera apo, mnzako wa m'gulu angathe kujambula mau ako ndi kuŵasunga. Ku America, m'chaka cha 2017, yunivesite ya Harvard idalanda malo ophunzira osachepera 10 amene idaŵasankha kale, kaamba ka zithunzi ndi nthabwala zonyansa zimene ankatumizirana m'kagulu kao kamseri ka pa Facebook. Makolo athu sadaname ponena kuti mlandu suola.

Kuno kwathu tidalaŵa kale kuŵaŵa kwake. Mu Novembala 2020 boma lidathetsa mayeso a MSCE ali mkati chifukwa mapepala adabedwa nafalitsidwa pa mafoni, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, adalembanso mu Januwale 2021. Aliyense wotumiza pepala kwa mnzake ankadziyesa wosaoneka, koma amene adalipira ndi makolo amene adayenera kufunanso ndalama pa nyengo ya mvula, fodya akadali m'munda. Mumdima womwewo ndimo mumabisala akathyali olonjeza malo a ku koleji, namapempha ndalama ndi nambala ya chiphaso kwa mwana wosadziŵa nkhope zao.

Ena adzati: nanga kubisa dzina sikuteteza wofooka? Zoonadi. Amene adakhalapo m'nthaŵi ya chipani chimodzi akukumbukira kuti mau amodzi okha ankatha kumtsekeretsa munthu m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, ndipo mpaka lero woulula katangale kapena mwana wochitidwa nkhanza ayenera kutetezedwa. Komabe tisaiŵale kuti mantha a masiku amenewo ankakula chifukwa cha akazitape oneneza anzao mobisa. Ndipo kalata ya Aepiskopi athu imene idaŵerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 idagwedeza dziko chifukwa olemba ake adaikapo maina ao, nalola kuvutika chifukwa cha mau aowo. Kubisala kuti choona chipulumuke nkosiyana kutalitali ndi kubisala kuti bodza lisalangidwe.

Apa ndipo pagona kuonongeka kwa mtima. Mwana wozoloŵera kukhala ndi nkhope ziŵiri, ina ya ku Misa ndi ina ya pa foni, akuphunzira kuti tchimo ndi kugwidwa basi. Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu silipatula umboni wonama wolembedwa ndi dzina lopeka. Tsono ngakhale mwanayo atapeza malo ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu, kodi tidzakondwa kumlandira ngati mphunzitsi, namwino kapena woweruza milandu?

Mlandu sutsalira ana okha ai. Ife makolo timagula foni ndi ndalama za fodya, koma sitifunsa zimene zilembedwamo. M'Miphakati yathu timakamba za zopereka ndi maliro, za ichi osanenapo kanthu. Kulanda foni sikuthandiza. Tiyeni tikhale nawo pansi madzulo, tiŵauze za Harvard ndi za mayeso a 2020, tiŵachenjeze kuti malo a ku yunivesite sagulidwa kwa mlendo wa pa foni, ndipo tiŵapatse muyeso umodzi wosavuta: mau amene sungathe kuŵalemba dzina lako la ubatizo lili pansi pake, usaŵalembe konse.