Google Colab ndi malikisi a ana: kope labwino, koma lofuna maso

Aphunzitsi a m'makalasi a zinenero ziwiri amene akufuna kuyerekeza malikisi a Chinyanja ndi a Chipwitikizi ayenera kuidziwa Google Colab. Ndi kope la pa intaneti lomangidwa pa Jupyter, pulogalamu imene inayamba mu 2014 kuchokera ku IPython ya Fernando Pérez. Limatsegulidwa mu Chrome kapena Firefox, ndipo palibe choika pa kompyuta. Chofunika ndi akaunti ya Google basi.

Tsamba lake lagawidwa m'timabokosi ta mitundu iwiri. Tina timalandira malamulo a Python, tina mawu wamba. Munthu akadina Shift ndi Enter, yankho limatuluka pansi pa kabokosi pomwepo. Ubwino wake waukulu ndi umenewu: tebulo, chithunzi ndi ndemanga ya mphunzitsi m'Chinyanja zimakhala pa tsamba limodzi, ndipo mnzake wa ku Angónia kapena ku Lago angathe kuona njira yonse imene yankholo linapezekera.

Vuto lili pa ufulu womwewo. Timabokosi tingayendetsedwe mosatsata ndondomeko, ndipo kompyuta imasunga zimene inauzidwa komaliza, osati zimene zikuoneka pa tsamba. Mphunzitsi atachotsa ana amene sanalembe mayeso m'kabokosi kachisanu, kenako n'kubwerera ku kachitatu, avereji imasintha popanda chenjezo lililonse. Chizindikiro chokha ndi timanambala ta kumanzere kwa kabokosi, timene wongoyamba kumene satisamala. Kafukufuku wa João Felipe Pimentel ndi anzake wa mu 2019 anayesa makope a Jupyter opitirira 800,000 a pa GitHub: 24% yokha inayenda popanda cholakwika, ndipo 4% ndi imene inabweretsa mayankho ofanana ndi oyamba.

Palinso msampha wa ife eni. Excel ya Chipwitikizi imalemba 12,5 pamene Python imayembekeza 12.5, ndipo imalekanitsa mizati ndi chizindikiro cha ";" m'fayilo ya CSV. Popanda kulemba sep=";" ndi decimal="," powerenga fayiloyo, malikisi onse amaunjikana mumzati umodzi kapena amatengedwa ngati mawu. Colab siichenjeza za izi.

Kopeli limadaliranso intaneti kotheratu. Likakhala nthawi osagwiritsidwa ntchito limaduka, ndipo mafayilo amene sanasungidwe mu Google Drive amafufutika. Kusukulu kumene netiweki imabwera ndi kupita, zimenezi zimadya nthawi ndi ndalama.

Colab ndi yoyenera gulu la aphunzitsi logwira ntchito ndi wofufuza, pamene mayeso ofanana akuwerengedwa teremu iliyonse. Wa kalasi imodzi Excel imukwanira. Amene asankha Colab achotse mayina a ana asanatumize fayilo, aike manambala m'malo mwake, ndipo asanakhulupirire yankho ayambitsenso kope n'kuyendetsa timabokosi tonse kuchokera pamwamba. Nambala yolakwika ikafika kwa makolo kapena kwa akuluakulu a maphunziro, mlandu umagwera Chinyanja.