Mawu Aang'ono a Pansi pa Bokosi la Khofi

M'khitchini mwa achemwali anga ku London muli makina a khofi aang'ono, akuda, okhala pakona pafupi ndi ketulo. Tsiku lina m'mawa ndinaponyamo kapisozi wa khofi, n'kutsitsa chogwirira, n'kudina batani. Makina analira monga mwa masiku onse, koma m'kapu munangodontha timadzi tofiirira, pamene madzi ambiri anathawira m'kambale ka pansi.

"Achimwene, amenewo ndi otchipa aja a kusitolo," anatero achemwali. "Ena amagwira, ena sagwira. Ndi mwayi basi."

Ndinatenga bokosi lomwe munachokera kapisoziyo n'kukhala nalo pampando. Achemwali anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi mukuwerenga bokosi ngati kalata yakumudzi?" Ndinaliwerengadi choncho, liwu ndi liwu, ndipo nditamaliza ndinaona kuti nkhaniyi si ya mwayi ayi. Bokosilo limanena zambiri zoona, kungoti zothandiza wogula lazilemba monong'ona, pamene zongokopa maso lazilemba mofuula.

Mawu onse a pabokosilo sangadzaze theka la tsamba la kope. Kutsogolo kuli dzina la kampani, nambala 9 yaikulu pambali pa liwu loti "intensity", ndi mawu oti "100% Arabica". Chapakati pali liwu loti "compatible", ndipo kumapeto kwake kwamatidwa kanyenyezi. M'mbali analembamo kuti makapisozi ndi 10, kulemera kwake magalamu 50. Kumbuyo kuli chithunzi cha tsamba lobiriwira, liwu loti "compostable", ndi deti. Pansi penipeni, m'zilembo zofuna magalasi, ndi pamene pali mzere umene kanyenyezi kaja kakulozako.

Tiyambe ndi liwu lija loti "compatible". M'Chichewa tingati chinthuchi chimalowana ndi chinzake. Liwuli silikunena kuti khofiyo ndi wokoma, silikunenanso kuti atuluka ngati wa eni makina. Likungonena kuti kiyi alowa pabowo la loko. Kuti chitseko chitseguka bwino kapena movutikira, liwulo silinalonjeze. Mwini bokosi akudziwa kuti lonjezo lake lili ndi malire, n'chifukwa chake waikapo kanyenyezi, ngati munthu amene akukugwira dzanja n'kunena kuti tiyeni apa ndikuuzeni bwinobwino.

Mzere wa pansiwo uli ndi mfundo zitatu. Yoyamba ikuti makapisoziwa ndi a makina a Nespresso a mtundu wa Original. Yachiwiri ikuti dzina loti Nespresso ndi la kampani ya Société des Produits Nestlé. Yachitatu ikuti pakati pa kampaniyo ndi opanga bokosili palibe ubale uliwonse.

Pa mawu onse a pabokosi, liwu loti Original ndi limene lingapulumutse ndalama zambiri za wogula. Nespresso ili ndi mabanja awiri a makina a pakhomo. Banja lakale ndi la Original, la makapisozi aang'ono ooneka ngati kandowa kozondoka. Banja latsopano ndi la Vertuo, limene linayamba kugulitsidwa ku America ndi ku Canada mu 2014. Makapisozi ake ndi obulungira ngati kambale, ndipo m'mphepete mwake muli timizere timene makina amawerenga kuti adziwe kuchuluka kwa madzi, kenako n'kuzunguza kapisoziyo mwaliwiro. Palinso makina a Dolce Gusto, a Nestlé yomweyo, koma makapisozi ake ndi a maonekedwe enanso. Munthu wongoona dzina lodziwika pabokosi n'kuthamangira kolipira akhoza kufika kunyumba ndi makapisozi 10 osalowa n'komwe m'makina ake.

Mfundo ziwiri zotsalazo zimaoneka ngati mawu ouma a maloya, koma ine ndimaziona ngati chipsera: pamene pali chipsera panali bala. Luso lofulula khofi kuchokera m'kapisozi wotsekedwa linayambitsidwa ndi injiniya wa ku Nestlé, Eric Favre, mu 1976, ndipo kampani ya Nespresso inakhazikitsidwa mu 1986. Kwa zaka zambiri lamulo linkateteza lusolo, moti wogula makina ankakhala wamangidwa ku sitolo imodzi. Phindu lenileni silinali pamakina, linali pa khofi amene mwini makina azigula tsiku ndi tsiku.

Zinthu zinatembenuka mu 2010, pamene m'masitolo a ku France munalowa makapisozi a makampani ena awiri. Ena anali a L'OR, a kampani ya Sara Lee. Ena anali a Ethical Coffee Company, kampani ya Jean-Paul Gaillard, munthu amene kale anali mkulu wa Nespresso yomweyo. Milandu inabuka m'mayiko angapo. Mu 2013 khothi lalikulu la ku London linagamula kuti kampani ya Dualit sinaphwanye lamulo popanga makapisozi olowa m'makina a Nespresso. Mu 2014 bungwe loona za mpikisano pa malonda ku France, litamva madandaulo akuti makina ankasinthidwa mkati kuti makapisozi a ena asamagwire, linalandira malonjezo a Nespresso. Kampaniyo inavomera kuti izidziwitsa opikisana nayo pasadakhale ikafuna kusintha makina, komanso kuti lonjezo lokonza makina owonongeka lizigwirabe ntchito ngakhale mwini wake agwiritse ntchito makapisozi a kwina, pokhapokha ngati makapisoziwo ndi amene awononga.

Choncho mzere waung'onowu ukunena zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ukuti wogula ndi mfulu, chifukwa makina anagula ndi ndalama zake ndipo angathiremo khofi wa kumtima kwake. Ukutinso ufuluwo uli ndi katundu wake. Mawu oti palibe ubale akutanthauza kuti wopanga makina sanayese kapisoziyu, sanamuvomereze, ndipo sadzamuyankhira. Ntchito yoyesa yagwera wogula.

Kuyesako kumaphweka munthu akadziwa zimene zimachitika chogwirira chija chikatsika. Timipeni ta m'makina timaboola kapisozi kumsana, pampu n'kukankhiramo madzi otentha ndi mphamvu yofika mabar 19. Mphamvuyo imatupitsa chivindikiro chopyapyala cha kutsogolo mpaka chitang'ambikira pa kachitsulo ka manomano, khofi n'kutuluka. Zonsezi zimadalira kuti mkombero wa kapisozi ugwirane ndi makina popanda mpata. Makapisozi a eni makina ndi a aluminiyamu ndipo pamkombero pawo pali kamphira kopyapyala kotseka mpatawo. Kapisozi wolimba kwambiri saboboka bwino, ndipo wa mkombero wosakhazikika amalola madzi kudutsa m'mbali. Izi ndi zimene zinachitika m'mawa uja. Nditamutulutsa kapisoziyo ndinapeza kuti kumsana kwake kunangotiwizika, timabowo sitinalowe bwino, ndipo khofi wa mkati mbali ina anali woumabe. Chogwirira chikamalimba potsitsa, kapena kambale ka pansi kakamadzaza msanga, makina akukuuzani kuti liwu lija loti "compatible" lafika pamalire ake.

Tsopano tikwere ku nambala 9 ija, imene ndi yaikulu kuposa chilichonse pabokosi. Ambiri amaiwerenga ngati muyeso wa mphamvu yochotsa tulo, koma si choncho. Nambalayi imanena za kukazinga, kuwawa ndi kulemera kwa khofi pakamwa. Palibenso muyeso umodzi umene makampani onse anagwirizana. Nespresso imawerenga mpaka 13 pa makapisozi ake a Original, pamene ena amalekeza pa 10 kapena pa 12. Bokosi lolemba 9 osanena kuti pa zingati lili ngati mwana wobwera kunyumba n'kunena kuti wakhoza 9, osatchula kuti mafunso analipo angati. Chimene chimachotsa tulo ndi kafeini, ndipo khofi wa mtundu wa robusta amakhala ndi kafeini wochuluka pafupifupi kawiri kuposa arabica. Tikaika pamodzi nambala 9 ndi mawu oti "100% Arabica", uthenga wake ndi wakuti khofiyu wakazingidwa mpaka kuda, osati kuti ndi waukali m'thupi.

Mawu oti "100% Arabica" ndi amene amandikhudza mtima kwambiri. Ndi oona, koma amanena mtundu wa mbewu basi. Ali ngati thumba lolembedwa kuti mpunga weniweni, osatchula kuti ndi kilombero wa ku Karonga kapena wa kwina. Khofi wa alimi a ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya ndi m'mapiri a ku Nkhata Bay, amene amagulitsidwa kudzera m'mgwirizano wa Mzuzu Coffee, ndi arabica. Khofi wochuluka wa m'minda ikuluikulu ya ku Brazil, yokololedwa ndi makina, nayenso ndi arabica. Pansi pa liwu limodzili mlimi wothyola zipatso zofiira zokhazokha ndi manja pamalo otsetsereka wasowa, dera lake lasowa, ndipo chaka cha zokolola chasowanso. Bokosi lotchula dziko, dera kapena gulu la alimi ladziika poyera, chifukwa zimene lanenazo munthu akhoza kuzitsata. Ufulu umene makhothi aja anatsegula uli ndi phindu lake lalikulu pamenepa: kampani yaing'ono yokazinga khofi wa dera limodzi ikhoza kumufikitsa m'makina a munthu aliyense. Wogula akamangoyang'ana kutchipa, osayang'ana kumene khofi wachokera, phindu limeneli limatayika.

M'mbali mwa bokosi muli masamu amene ambiri sawachita. Magalamu 50 pa makapisozi 10 ndiye kuti magalamu 5 pa kapu imodzi, pamene espresso ya chikhalidwe cha ku Italy imatenga magalamu 7. Khofi wochepa chonchi amakwanira kapu ya mamililita 40. Mukadina batani lalikulu la mamililita 110, madzi owonjezerawo amangotsuka zotsalira, n'kutulutsa khofi wamadzimadzi ndi wowawa, ndipo mlandu umagwera kampani pamene cholakwa ndi batani. Masamu omwewa amaululanso mtengo weniweni. Kuti pakwane kilogalamu imodzi pamafunika makapisozi 200. Chulukitsani mtengo wa kapisozi mmodzi ka 200, muyerekeze ndi mtengo wa paketi ya khofi wogayagaya, mudzaona kuti ngakhale makapisozi otchipa amalipiritsa kwambiri kuphweka kwa ntchito kuposa khofi weniweniyo.

Kumbuyo kuli tsamba lobiriwira lija. Liwu loti "compostable" limapatsa munthu chithunzi cha dzenje la manyowa kuseri kwa nyumba. Koma nthawi zambiri pafupi pake pamalembedwa kanambala koti EN 13432, muyeso wa ku Ulaya wonena za zinthu zimene zimawola m'malo aakulu opangira manyowa, momwe mumatentha kwambiri. Kapisozi wotereyu akaponyedwa m'dimba kapena m'bini wamba sawola msanga monga chithunzicho chikuonetsera. Aluminiyamu naye amasungunulidwa n'kugwiranso ntchito pokhapokha wina atamutolera n'kumufikitsa koyenera. Vuto la zinyalalazi si laling'ono: mu 2016 mzinda wa Hamburg ku Germany unaletsa kugula makapisozi a khofi ndi ndalama za boma m'maofesi ake. Funso loyenera kufunsa tsamba lobiriwiralo ndi lakuti kodi kwanuko alipo amene amatolera zimenezi?

Chomaliza ndi deti. Bokosi limatchula tsiku limene khofi adzayambe kusuluka, koma tsiku limene anakazingidwa silitchulidwa kawirikawiri. Mdani wa khofi wogayidwa ndi mpweya. Aluminiyamu amautsekera kunja bwino, pamene mapulasitiki ena amaulola kulowa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake makapisozi ena amabwera atakutidwanso m'kathumba konyezimira. Apa mphuno imawerenga zimene maso sangaone. Mukatsegula bokosi n'kumva fungo la khofi lili guu, musasangalale msanga, chifukwa fungo limene lili m'bokosi latuluka m'kapisozi, ndipo m'kapu simudzalipezanso.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Bokosi la khofi limafunanso kudekha komweko, ndipo limawerengeka bwino kuyambira pansi kukwera m'mwamba: mtundu wa makina, chimene kapisozi wapangidwa nacho, magalamu, kumene khofi wachokera, ndipo nambala yaikulu ija pamapeto. Wogula mtundu watsopano ayambe ndi bokosi limodzi, amve mmene chogwirira chikutsikira, ayang'ane kambale ka pansi, atulutse kapisozi woyamba n'kuona ngati waboboka bwino.

Loweruka lotsatira tinapita kusitolo ndi achemwali. Anatenga bokosi lokongola kwambiri pashelefu, n'kulitembenuza, n'kuvala magalasi. Atawerenga kwa kanthawi analibweza pamalo pake n'kutenga lina lopanda zithunzi zambiri, lotchula dziko ndi dera kumene khofiyo analimidwa.

"Achimwene," anatero, "ili lanena kwawo. Tiyambe ndi ili."