Mbumba ya Tsinde la Ngodya Zinayi

Lira mbalule, yankha mpanje! Lero bwalo ndi la a Mpungabwi ndi mbumba yawo yonse, imene akatswiri a zomera amaitcha Lamiaceae.

Inu a Mpungabwi, chipirikitsa udzudzu, eni fungo la m'mbali mwa njira, omera pa tsala popanda wofesa! Tsinde lanu likana kugubuduzika pakati pa zala, poti lili ndi ngodya zinayi. Masamba anu ndi awiriawiri moyang'anizana: awa akaloza kuvuma ndi kuzambwe, apamwamba pake aloza kumpoto ndi kumwera. Wofikisa tsamba lanu m'manja safunsanso dzina, mphuno yamuuza kale. Inu amene agogo amakuthyolani dzuwa likapendeka, n'kukwapula nanu zipupa, n'kukuikani kumutu kwa mphasa kuti adzukulu agone. Timaluwa tanu toyera tazinga tsinde m'magulumagulu, kalikonse kayasamula milomo iwiri, ndipo njuchi itera pa mlomo wapansi. Duwa likafota, suzumirani m'kachikho kotsalako: nthangala zinayi, zakuda bii, zoterera zikanyowa. Zikomo a Mpungabwi!

Ilire, ilire!

Inu a Buye a ku mapiri a Dedza ndi Ntcheu, obisa chuma pansi, a mizu yonga zala za munthu! Yaiwisi tikukuta, yophika timeza. Masamba akayoyoka m'chilimwe, m'pamene muvala maluwa achikasu pa tsinde lamaliseche. Ambiri okudyani pa msika sadziwa n'komwe kuti ndinu abale a Mpungabwi, ndipo nkhaniyi imandiwawa.

Inu a Leonotis, ataliatali opitirira msinkhu wa mwana, osanja mipira yobaya pa tsinde limodzi, wina pamwamba pa unzake! Maluwa anu aubweya, ofiirira psuu, ana azula n'kuyamwa timadzi totsekemera, kulimbirana ndi timbalame ta milomo yaitali yopindika.

Tsono a Chanzi, mwadzuka bwanji kudzavina nawo? Tsinde la ngodya muli nalo, fungo muli nalo, odwala chimfine amakudalirani ndithu, ulemu wanu sitikulandani. Koma timaluwa tanu tathithikana pa kamutu kamodzi, ndipo chipatso chanu chigawika pawiri, osati panayi. Ndinu a mudzi woyandikana nawo, a kwa Lantana. Khalani pa mphasa ya alendo, muziomba m'manja.