Ng'ombe ikataya nkhodolero: za malangizo osankhira dzina la bizinesi pa intaneti

Malangizo amene amapatsidwa kwa munthu woyamba bizinesi akafuna dzina la domeni, lija limathera ndi .mw kapena .com, ndi amodzimodzi kulikonse kumene ndawamva: dzina likhale lalifupi, losavuta kulemba, ndipo likhale ndi mawu amene anthu amafufuza pa Google. Ena mwa anyamata okonza mawebusayiti m'tauni amawonjezera lachinayi, lomwe salinena mokweza: likhale la Chingerezi. Ine malangizowa ndimawakayikira. Sikuti ndi abodza ayi, koma anapangidwira chilankhulo china, ndipo akafika pa Chichewa amaika mlonda pakhomo pomwe sipadzera mbala, pomwe pali chiboo n'kusiya pululu.

Tiyambe ndi za kufupika. Chichewa chimamanga mawu pophatikiza tizigawo, moti mneni mmodzi ngati tithandizane wanyamula chiganizo chathunthu m'malembo khumi ndi awiri. Wowerenga malembo anena kuti latalika. Koma kodi alipo Mmalawi amene angalephere kulilemba atalimva kamodzi pa wailesi? Maphatikizo ake onse amathera ndi lembo la liwu, ndipo chimene khutu lamva ndi chomwecho chimene chala chilemba. Yerekezani ndi mawu ngati Solutions kapena Enterprises, amene timawakonda kwambiri pa zikwangwani. Muuzeni kasitomala pa foni kuti alembe amenewo, muone mayunitsi m'mene akuthere. Malire enieni a dzina la domeni ndi zilembo 63, ndiye tithandizane wathuyo sanafike n'komwe pa theka.

Vuto lenileni lili pena. Malamulo a mayina a domeni, amene anakhazikika m'zaka za m'ma 1980, amalola malembo a mpaka z, manambala ndi kamzere basi. Mpata pakati pa mawu palibe, lembo lalikulu ndi laling'ono n'chimodzimodzi, ndipo nkhodolero, kachizindikiro kopachika m'mwamba kaja, sikaloledwa. Kwa Mngerezi ichi si kanthu. Kwa ife nkhodolero imasenza katundu. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire (ndinso gule wa Angoni). M'bale ndi munthu wobadwa naye, mbale ndi yodyera nsima. Tiyerekeze kuti mayi wina watsegula bizinesi yotumiza katundu kwa achibale kumudzi, waitcha M'bale. Pa intaneti dzinalo lisanduka mbale, ndipo wolipeza ayembekezera makapu ndi mapoto. Ng'ombe ikasanduka ngombe tanthauzo silisokera kwenikweni, poti mawu ena otero kulibe, komabe maso a munthu wophunzira Chichewa kusukulu amakhumudwa nawo. Ena amaika kamzere m'malo mwa nkhodolero, ng-ombe. Papepala zikuoneka ngati nzeru, koma tayesani kuzinena pa wailesi. Mwati ng kenako chiyani?

Apa ndi pomwe langizo la kufupika limapweteketsa, chifukwa mankhwala a vutoli ndi kutalikitsa dzina. Agwirizanitsi a magulu a mayina amagwira ntchito imene nkhodolero yaisiya. Mbalewanga sangakhale wodyera nsima, pakuti mbale yodyera ndi yanga, m'bale ndiye wanga. Kalembo kamodzi, w kapena y, kathetsa mlandu. Ndimadabwa kuti mfundo yophweka chonchi, yomwe mwana wa Sitandade 6 amaidziwa, sindinaimvepo m'kamwa mwa wolangiza za mayinawa. Komatu si nthawi zonse agwirizanitsi amapulumutsa. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika ali m'gulu limodzi, amasiyana kamvekedwe kokha, kamene sitikalemba. Mtengowabwino atha kukhala wogulitsa matabwa, atha kukhalanso golosale yotchipa. Wa matabwa otchipa yekha ndiye wapeza mwayi pamenepo.

Mawu akuti mwayi omwewo ndi msampha wina. Ena amalemba mwayi, ena mwai. Lamulo la kalembedwe limati r abwere pambuyo pa i ndi e, l kwina konse, koma pamsewu muona chilichonse ndi chirichonse, ndipo dzina la Lilongwe lenilenilo silitsata lamulolo. Kulinso h wa mpweya uja amene ambiri amamudumpha akamalemba pa WhatsApp: phala n'kukhala pala, khola n'kukhala kola. Munthu amamva zonsezi popanda vuto. Kompyuta ndiye ayi, lembo limodzi likasowa basi mwagogoda khomo la eni ake, kapena imelo ya oda yanu yapita kuthengo. Malamulo a kalembedwe alipo chiyambire 1973, pamene Chichewa Board inawatulutsa, ndipo ntchitoyo inapita ku Centre for Language Studies mu 1996, koma wamalonda sayenera kufunsa kuti cholondola n'chiti. Afunse kuti makasitomala ake amalemba bwanji. Ngati kalembedwe kali pawiri, alembetse mayina onse awiri n'kuwalozetsa malo amodzi, kapena asankhe mawu ena opanda mkangano. Wogulitsa ku Mchinji amene akuyang'ananso msika wa ku Chipata akumbukire kuti kutsidya kuja kusukulu amalemba cakudya, osati chakudya.

Za ŵ ndingodutsapo. Chiyambire 2003 pali njira yolembera malembo ngati ameneŵa m'mayina a domeni, koma pansi pake dzinalo limasandulika chinthu choyamba ndi xn--, ndipo pa foni palibe amene ali ndi nthawi yofunafuna kadenga ka w. Manyuzipepala omwe anakasiya kale.

Langizo la mawu ofufuzidwa pa Google ndilo ndimaliona lofooka koposa onse kwa bizinesi yaing'ono kuno. Makasitomala ambiri sakupezani pofufuza. Amva dzina kwa mnansi, aliona pa khoma la shopu kapena pa Facebook, ndiye chofunika n'choti dzinalo lichoke m'khutu kufika pa chala lisanapunduke. Muyeso wake ndi wotchipa: imbirani anthu asanu, agogo mmodzi akhalepo, mutchule dzinalo kamodzi, akutumizireni pa meseji. Mayina okhala ndi malembo a liwu ogundana ndi amene amagwa msanga pamayesowa. Kwa Amayi ndi dzina lokoma la malo odyera, koma mpata ukachoka limakhala kwaamayi, ndipo m'kamwa timangoti kwamayi. Pa asanu aja musadabwe ena akabweza lokhala ndi a mmodzi.